Seva Ikayamba Kutaya Mauthenga, Tisathamangire Kuloza Chala

Awa ndi mawu amene mnzathu wogwira ntchito za makompyuta m'boma analankhula pa msonkhano wa ophunzira akale ku Malindi.



Komiti inandipempha kuti ndinenepo za ntchito yanga, poti bungwe lathu lili ndi maganizo othandiza sukulu ndi makompyuta. Ndasankha vuto limodzi limene limasowetsa anthu mtendere m'maofesi: seva imene inali kuyenda bwino, koma itaikidwa pulogalamu yatsopano yayamba kutaya mauthenga m'njira.

Seva ndi kompyuta yosunga zinthu zimene makompyuta ena onse a pamalopo amadalira. Ikamatumiza uthenga siitumiza wonse pakamodzi ayi. Imaugawa m'timapaketi, ndipo pa waya wamba wa Ethernet paketi imodzi imanyamula mabaiti osapitirira 1,500. Zili ngati wamalonda wotumiza usipa kuchokera kuno kupita ku Limbe m'matumba olembedwa manambala. Thumba lachisanu likasowa, wolandira amaitanitsa lina, ndipo malonda amaima kufikira litafika. Dongosolo lotchedwa TCP limachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake vutoli ndi lozembera: makina safa, amangochedwa ndi kumaimaima, anthu n'kumati lero netiweki yavuta.

Mwina wina afunsa kuti, nanga kusinthiranji pulogalamu imene ikugwira bwino ntchito? Yankho ndi lakuti eni ake amasiya kuisamala. Ubuntu 18.04 inatuluka mu Epulo 2018 ndipo chithandizo chake chaulere chinatha mu Meyi 2023. CentOS 7 inatha pa 30 Juni 2024, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kukakamira yakale ndi kugona chitseko chili pululu. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Pulogalamu yatsopano imabwera ndi driver watsopano, ndiye kapulogalamu kamene kamayendetsa khadi ya netiweki, ndipo khalidwe lake limatha kusiyana ndi la wakale.

Mu 2023 tinaitanidwa pachipatala china cha kum'mwera kuno. Seva yosunga mbiri ya odwala inali itangosinthidwa pulogalamu. Kalaliki akalemba dzina la wodwala, makina ankaima kaye asanayankhe. Mzere unkafika panja, ndipo amayi amene analawira m'mamawa ndi ana kumbuyo ankalandira mankhwala dzuwa litapendeka. Ena pamalopo ankati ndi kampani ya foni, ena ankati ndi magetsi, enanso anali atayamba kale kufunsa mtengo wa seva yatsopano.

Pa nkhani yotere funso loyamba ndi lakuti, chasintha n'chiyani, ndipo chasintha liti? Ngati vuto layamba tsiku limene pulogalamu inasinthidwa, yambirani pomwepo.

Chachiwiri, yezani, musalote. Pali kapulogalamu kotchedwa ping, kamene Mike Muuss analemba mu 1983. Kamatumiza paketi n'kudikira yankho. Tumizani 100, zikabwerako 95, ndiye kuti 5 zatayika, ndipo pa waya wa m'nyumba imodzi sipayenera kutayika ngakhale imodzi. Yambani pafupi: kuchokera pa seva kufika pa switch, kabokosi kamene mawaya onse amakumanapo, kenaka pa router, kenaka kunja. Ife tinapeza kuti mapaketi ankasowa asanatuluke n'komwe m'chipinda. Pamenepo kampani ya foni inapezeka yosalakwa.

Chachitatu, chotsani zokayikitsa zotsika mtengo. Sinthani waya, sinthaninso bowo limene wayayo walowa pa switch. Kuno kunyanja chinyezi, fumbi ndi makoswe sizisiya waya ali bwino.

Chachinayi, ifunseni khadi ya netiweki yeniyeniyo. Pa Linux lamulo la ethtool limaonetsa liwiro limene khadi yagwirizana ndi switch, komanso chiwerengero cha mapaketi otayika ndi owonongeka. Werengani manambalawo, dikirani mphindi zingapo, muwerengenso. Amene akukwera ndiwo akuloza pamene pali bala. Onaninso ngati kukula kwa paketi, kumene timati MTU, kuli kofanana mbali zonse ziwiri.

Chachisanu, ngati pulogalamu yakale ikadalipo, yatsani seva ndi yakaleyo pa waya womwewo. Vuto likatha, mwagwira mwini mlandu.

Pachipatala chija tinapeza kuti driver watsopano ankagoneka khadi pofuna kusunga magetsi, njira yotchedwa Energy-Efficient Ethernet imene inakhazikitsidwa mu 2010, ndipo switch ya pamalopo sinkagwirizana nayo. Tinazimitsa njirayo ndi mzere umodzi wa ethtool, n'kuulemba mokhazikika kuti seva ikazima ndi kuyakanso usaiwalike. Mapaketi onse anayamba kufika. Sipanagulidwe kanthu. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono kwa ife a bungwe ndili ndi mapempho atatu. Tikagula makompyuta a sukulu, tipatule ndalama ya mawaya abwino, ya UPS yoteteza makina magetsi akathima, ndi ya mmisiri wobwera kudzawaona. Kusintha pulogalamu kuchitike pa tchuthi, osati mayeso a MSCE ali pakhomo, ndipo ayambe asunga pena zonse za mu seva kuti pakhale njira yobwererera. Pomaliza, pakhale kope m'chipinda cha makompyuta, ndipo aliyense wosintha kanthu alembemo tsiku ndi chimene wasintha. Kope la mtengo wochepa limapulumutsa ulendo wa mmisiri wochokera ku Zomba kapena ku Blantyre.

Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 angathe kuphunzira ping m'masana amodzi. Ine ndadzipereka kudzawaphunzitsa pa tchuthi chikubwerachi, ndipo ndikupempha anzanga ena awiri a ntchito ngati yangayi kuti alembetse mayina kwa mlembi tisanabalalike.