Wosamalira Odwala Nayenso Amatopa



Lero ndilankhula ndi inu amene musamalira makolo odwala matenda oiwala-iwala, amene madokotala amati dementia. Mtundu wake wofala kwambiri umachedwa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Matendawa amaononga ubongo pang'onopang'ono. Si ufiti ndipo si temberero. Agogo akapezeka usiku pakhomo pa eni, si kuti anali kutamba iai, asokera cabe. Musalole anthu kuwanyoza kapena kuwaponya miyala.

Koma inu amene mukhala nao mudziwa kulema kwa nchito imeneyi. Mwawapatsa nsima, patapita kanthawi akuti simunawapatse cakudya. Amai anu okubalani akukufunsani kuti ndinu ndani. Dzuwa likamalowa msokonezo umakula, ndipo tulo simuona cifukwa coopa kuti atsegula citseko. Tsiku lina mumawakalipira, kenako mumalira nokha m'khicini poganiza kuti mwacimwa. Kutopa si kusowa cikondi.

Kumbukirani Mose pa Eksodo 18. Anali kuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mpongozi wake Yetero ataona zimenezi, anamucenjeza kuti adzalefuka, namulangiza kusankha anthu oti amuthandize. Mose anamvera. Ngati Mose anagawa katundu, inu musenzeranji nokha?

Itanani acibale, mugawane masiku. Amene ali kutali ku Lusaka kapena ku Kitwe atumize ndalama ya sopo ndi mankhwala. Agogo akanena zosamveka, musakangane nao. Ayankheni mofatsa, muyambe nkhani ina kapena nyimbo imene amaikonda. Nthawi ya kudya, kusamba ndi kugona ikhale imodzimodzi tsiku lililonse. Apelekeni ku cipatala akapimidwe, ndipo inunso mukaona kuti tulo ndi cilakolako ca cakudya zatha, uzani adokotala.

Ndipo ife a mumpingo, tisangopemphera n'kucoka. Mutu umodzi susenza denga. Pitani mukakhale ndi agogo maola awiri kuti mwana wao apite kumsika, ku chalichi, kapena angogona.

Tipemphere. Atate wacifundo, limbitsani manja otopa a ana anu osamalira odwala. Apatseni tulo, mtima woleza ndi abale owathandiza. Amen.