Phunziro la Dzira: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Ophunzira Akale

 Mwandipatsa mphindi zochepa, choncho ndilankhula za kanthu kakang'ono: dzira.

Tili Fomu 1, aphunzitsi a sayansi anatigawa m'magulu, gulu lililonse dzira lake. Anati tipeze voliyumu yake, ndiye kuti kukula kwa malo amene dziralo limatenga. Njerwa siivuta: umayeza m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake, n'kuchulukitsa. Nanga dzira, rula ungaigoneke pati?

Njira yake ambiri mukuikumbukira. Dzira silinkalowa m'silinda yoyezera poti inali yaing'ono kukamwa. Tsono tinkadzaza chikho ndi madzi mpaka m'milomo, n'kuchikhazika m'mbale youma, n'kulowetsamo dzira pang'onopang'ono. Madzi osefukira m'mbalemo ndiwo tinkathira m'silinda. Mamililita a madziwo ndiyo voliyumu ya dzira, pakuti chinthu chikamira chimakankha madzi olingana ndi kukula kwake.

Nzeru imeneyi amati inachokera kwa Archimedes wa ku Syracuse, pa chilumba cha Sicily, amene anamwalira m'chaka cha 212 BC. Mfumu Hiero inkakayika kuti mwina mmisiri anasakaniza siliva m'chisoti chake chagolide. Golide amalemera pafupifupi kawiri kuposa siliva wa kukula komweko, motero chisoti chosakaniza chimakankha madzi ambiri kuposa golide weniweni wolemera chimodzimodzi. Mmisiri akanatha kunamiza mfumu, koma madzi ayi.

Tsiku limenelo ine ndinachita ngati mmisiri uja. Chifukwa cha phuma ndinaviika zala m'chikho, madzi n'kutayikira pa tebulo, belu lili pafupi kulira. Ndinasuzumira m'kope la gulu loyandikana nalo, n'kuona mamililita 54. Nanenso ndinalemba 54. Aphunzitsi anayang'ana kope, anayang'ana dzira, n'kufunsa kuti, "Kodi 54 ameneyu ndi wa dzira liti?" Dzira la anzathu linali la nkhuku yachizungu, pamene lathu linali la kankhuku kachikuda. Masana, anzathu ali ku mpira, ife tinabwerera m'labotale. Tinayeza katatu mofatsa, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tinapeza 38.

Funso la aphunzitsi lija limanditsatabe. Nditamaliza maphunziro a ku yunivesite ndinalowa ntchito m'boma, ndipo pa desiki panga pamafika malipoti a chiwerengero cha mabanja ofuna chimanga cha thandizo. Nthawi zina nambala za chaka chino zimafanana ndendende ndi za chaka chatha. Pamenepo ndimadziwa kuti wina wasuzumira m'kope la mnzake. M'kalasi, chilango chake chinali kuphonya mpira. Ku ofesi, amene amalangika ndi mayi wa kumudzi amene dzina lake silinalembedwe, n'kugona ndi njala pamodzi ndi ana ake.

M'mawa uno ndinalowa m'labotale yathu ija. Mwatsala silinda imodzi yokha, nayonso yong'aluka. Aphunzitsi andiuza kuti tsopano dzira ndi chikho amangozijambula pa bolodi, ana n'kukopera yankho. Anzanga, mwana amene sananyowetsepo manja poyeza adzadziwa bwanji kusiyana kwa nambala yoyeza ndi nambala yokopera?

Pempho langa ndi ili: tisanabalalike lero, aliyense asiye kangachepe kwa a Msungichuma, kuti teremu ikubwerayi isanayambe tikhale titagula masilinda apulasitiki, amene sasweka msanga, okwanira gulu lililonse. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndayamba kale kulemba dzina langa. Za mazira musadandaule, ana adzabwera nawo okha.