Chakudya cha Wodwala Khansa: Mau kwa Ozonda Odwala

 Ndidzalankhula za mbale ya nsima imene imabwerera kukhitchini yosakhudzidwa, pamene m'nyumba muli wodwala khansa.

Ife tinakula tikumva kuti amene sanadye nsima wagona ndi njala. Chifukwa chake wodwala akakankha mbale timamdzudzula kuti wataya mtima, ndipo womdwazika amalira kuseri, poganiza kuti kuphika kwake kwanyozedwa. Komatu palibe wolakwa pa aŵiriŵa.

Mankhwala amphamvu a khansa, amene madokotala amawatcha chemotherapy, amaononga maselo ochulukana msanga. Maselo otere sapezeka m'chotupa mokha ai. Alinso m'kamwa, kum'mero ndi m'matumbo. Ndicho chifukwa chake m'kamwa mumatuluka zilonda, mseru umavuta, nyama imamveka ngati chitsulo, ndipo fungo la ndiwo zokazinga limamsanzitsa. Kaŵirikaŵiri mankhwalaŵa amaperekedwa kamodzi pa masabata 3 alionse. Masiku oyamba ndiwo oŵaŵitsa, kenaka chilakolako cha chakudya chimabwerera pang'onopang'ono. Tikumbukirenso kuti khansa ya kum'mero, imene njofala kwambiri m'Malaŵi ndi m'maiko oyandikana nalo, imapanikiza njira ya chakudya, kotero kuti mbamu ya nsima imalephera kudutsa.

Nanga tsono tichitenji? Choyamba, tisadikire nkhomaliro ndi mgonero. Timpatse pang'ono, maulendo 5 kapena 6 pa tsiku. Chachiŵiri, chakudyacho chikhale chofeŵa ndi chopatsa mphamvu: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, Likuni Phala wa chimanga ndi soya, dzira lophika, mkaka woŵiritsa, nthochi zakupsa ndi mapeyala. Chikazizirako fungo limachepa. Tsabola ndi mandimu zimanyereza zilonda, koma kuchukucha m'kamwa madzi ofunda othira mchere pang'ono kumathandiza. Chachitatu, mankhwalaŵa amafooketsa chitetezo cha thupi. Choncho madzi akumwa aŵiritsidwe, nyama ipse bwino, ndipo mkute asaudye. Thupi likatentha, kapena akalephera kumwa tsiku lonse, athamangire naye kuchipatala.

Chachinai ndicho chondilemera mumtima. Alipo amene amauza wodwala kuti asale kudya, kapena aleke nyama, mazira ndi mkaka, kuti matenda afe ndi njala. Abale, amene amayamba kufa ndi njalayo ndi munthu, osati chotupa. Ndipo akafooka kwambiri, madokotala amakakamizika kuchedwetsa mankhwala. Kusala tisale ife amphamvu m'malo mwake. Zitsamba zilizonse zimene wapatsidwa, dokotala adziŵe kaye.

Potsiriza, tikapita kukamzonda, tisafunse kuti, "Mwadya mitanda ingati?" Tifunse kuti, "Mai, lero mtima ukufuna chiyani?" Akameza masupuni atatu a phala, tiyamike, ndipo timlimbikitsenso womdwazika, pakuti nayenso watopa.