Manja athu m'chipinda cha makompyuta: mawu kwa ophunzira a kukoleji

Ine si dokotala ayi. Ndine wodzipereka pa zaumoyo, yemwe uja mumandiona ndikuyendera zimbudzi, kabuku kali m'manja.

Lachiwiri ndinakhala pakhomo la chipinda cha makompyuta ola lathunthu. Wina anachokera kuchimbudzi, n'kudutsa ndowa ya madzi ngati sakuiona, n'kukakhala pa kompyuta. Atachoka, mnzake anakhala pomwepo, dzanja lili pa kiyibodi, kenaka m'kapepala ka mandasi, kenaka kukamwa. Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Kompyuta imodzi timagwirapo anthu ambiri pa tsiku, ndipo aliyense amasiyapo zimene wabwera nazo.

Kolera, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba amayenda njira imodzi: tizilombo timachoka m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Kolera uja anayamba ku Machinga mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko la Malawi, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Ife mumsasa muno tikukhala mothithikana, chimbudzi chimodzi mabanja angapo. Atalowa muno, ndani angalembe mayeso?

Musaganize kuti ophunzira saiwala. Mu 1847, pachipatala china ku Vienna, dokotala wotchedwa Ignaz Semmelweis anazindikira kuti madokotala omwe ndi amene ankatenga matenda kuchokera kumitembo n'kukapatsira amayi oyembekezera. Atalamula kuti azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, imfa zinatsika kwambiri. Koma anzake ambiri anamukana, poona ngati akuwanyoza. Anali anthu a masatifiketi amenewo.

Tsopano nkhani ya beseni, imene ndikudziwa kuti ena ikukhumudwitsani. Kwathu tinakula tikusamba m'beseni limodzi tisanadye nsima, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Ulemu wake ndi wabwino, sindikuutsutsa. Koma taganizirani madzi amene mwana womaliza akusambamo: muli zonse zochoka m'manja mwa anthu asanu ndi mmodzi. Ulemu usathe, wamkulu ayambe ndithu, koma wina atenge kapu azithirira, madzi azigwera m'beseni, aliyense asambe ake. Ine ndinayamba zimenezi kunyumba mwana wanga atagona masiku atatu kuchipatala chifukwa chotsegula m'mimba. Apongozi anga anang'ung'udza sabata yonse, lero ndi iwo amene amaitanitsa kapu.

Kasambidwe kake n'kosavuta. Nyowetsani manja, pakani sopo, tikitani kwa masekondi osachepera 20, pakati pa zala, kuseri kwa dzanja, chala chachikulu ndi m'zikhadabo momwe. Tsukuluzani, manja aume okha ndi mphepo. Mukapukutira thalauza limene mwakhalira pansi tsiku lonse, mwangotaya sopo. Chitani zimenezi pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndiponso musanadye.

Ndamva kale wina kumbuyoko akuti, "Sopo wake uti?" Funso lake ndi loona. Sopo amene timalandira safika kumapeto a mwezi, ndipo madzi timawapeza titaima pamzere kumjigo. Koma kusamba m'manja sikufuna ndowa. Mpondagiya, kachigubu ka malita 5 kobowola kopachika pamtengo, kamatulutsa madzi pang'onopang'ono, ndipo munthu amaponda ndi phazi osagwira chilichonse. Kachidutswa ka sopo timakamangirira pachingwe kuti kasayende. Sopo akatheratu, phulusa loyera la pamoto likuposa madzi okha.

Wina akayamba kutsegula m'mimba, asadzikakamize kubwera m'kalasi poopa kutsalira. Amwe Thanzi ORS ndipo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati chimbudzi chake chili chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga. Kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa. Notsi tidzamukopera.

Loweruka 8 koloko m'mawa tikumange mipondagiya iwiri, wina pafupi ndi zimbudzi, wina pakhomo la chipinda cha makompyuta. Ndikufuna zigubu ziwiri, chingwe, mitengo ya mphanda ndi anthu anayi. Amene abwere akweze mkono ndilembe maina.