Katundu Wathu Akanyamuka, Amakhala Ali Pati?

Mawu amene mlangizi wa zaulimi wa dera lathu analankhula pa mwambo wokumbukira kuti kopaletivi yathu yakwanitsa zaka 10

 Poyamba ndikuyamikireni. Magulu ambiri amayamba ndi nthungululu, koma akangogawana ndalama koyamba, basi, nkhani yathera pomwepo. Inu mwatha zaka 10 mukadali limodzi.

Ntchito yanga mumaidziwa: mizere, manyowa, mbewu, mbozi. Koma lero za kumunda ndiziika pambali. Ndikufuna tikambe za kamtunda kamene kali pakati pa nyumba yathu yosungiramo katundu ndi sikelo ya wogula. Pamenepo mpamene thukuta la chaka chonse limakhala m'manja mwa munthu mmodzi, dalaivala, amene si membala wathu komanso si wantchito wathu.

Kopaletivi yathu ilibe galimoto. Nandolo akapita ku Limbe, kachewere ndi masitiroberi zikatsika kuphiri, tomato ndi kabichi zikapita kumsika waukulu wa Zomba, timachita kuhayala. Nthawi zambiri amene tagwirizana naye mtengo ndi mwini galimoto, koma amene wabwera kudzanyamula ndi wina, mwinanso mwini uja wapatsa ntchitoyo mnzake chifukwa yake yafa. Ndiye kuti katundu ndi wathu, galimoto ndi ya wina, woyendetsanso ndi wina.

Ambiri mukukumbukira zimene zinatichitikira mafuta atasowa kumapeto kwa 2024. Lole inanyamuka pano m'mawa ndi nandolo. Kuchoka ku Zomba kukafika ku Limbe ndi makilomita 60 ndi kanthu, ulendo wosafika maola awiri ngakhale galimoto italemedwa. Dzuwa linalowa lole isanafike. Foni ya dalaivala yosapezeka. Inakafika mawa lake, ndipo pa sikelo ya wogula kulemera kunali kotsika poyerekeza ndi zimene tinkayembekeza. Dalaivala anati anagona pamzere wa dizilo. Ena mwa inu munati wagulitsa panjira. Ena munayamba kukayikira a komiti amene anakweza katunduyo. Mpaka lero palibe amene akudziwa zoona zake, chifukwa panalibe umboni. Ndalama imene tinataya inali yochepa, koma kukhulupirirana kunatsala pang'ono kutha. Chimene chimapha kopaletivi n'chimenecho.

Vuto limeneli si la ife tokha. Makampani akuluakulu onyamula katundu amaika kachipangizo m'magalimoto awo kosonyeza pamene galimoto ili. Koma ntchito ikachuluka nawonso amahayala magalimoto a anthu ena, ndipo sungakaike chipangizo chako m'galimoto ya mwini chifukwa cha ulendo umodzi. Ndiye anaona kuti dalaivala aliyense ali kale ndi chipangizo m'thumba: foni yamakono. Amamuuza kuti aike pulogalamu, imene achinyamata amati app, ndipo foniyo imatumiza ku ofesi malo amene ali, nthawi imene wanyamula, ndi chithunzi cha pepala losainidwa akatsitsa. Makampani monga Lori Systems ku Kenya ndi Kobo360 ku Nigeria anamanga bizinesi yawo pa nzeru imeneyi, kulumikiza eni katundu ndi eni malole kudzera pa foni. Kampani ya Amazon nayo ili ndi pulogalamu yotchedwa Amazon Flex ya anthu operekera katundu pa galimoto zawozawo.

Mwina mukuti, a mlangizi, zimenezo n'za anthu a ndalama. Ayi ndithu. Chiyambi chake chili kale mu foni za ana anu. Ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera, kuti wina asadzakunamizeni.

Mu foni yamakono muli GPS. Foni imamva zizindikiro zochokera ku masetilaiti mlengalenga n'kuwerengera pamene ili. Zimenezi sizifuna mayunitsi kapena bandulo. Chofuna bandulo ndi netiweki ndicho kutumiza malowo kwa munthu wina. Pa WhatsApp pali malo olembedwa kuti Live Location. Dalaivala akadina pamenepo amasankha kuti azioneka kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Mlembi wathu ali pano amaona kadontho kakuyenda pa mapu: wadutsa Thondwe, wafika Namadzi, ali pa Njuli, walowa Limbe. Google Maps nayo imachita zofanana. Palinso mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi, monga Traccar, amene amasunga njira yonse imene foni yadutsa, ngakhale pamene netiweki inathawa, n'kudzatumiza ikabwerera. Koma amenewo amafuna munthu wodziwa makompyuta kuti awakonze, ndiye ife tiyambe ndi zimene tili nazo.

Phindu lake ndaliona ndi maso. Tsiku lina tinayesa ndi pikapu ya tomato. Kadontho kanaima chapafupi ndi Namadzi osasuntha. Titaimba, dalaivala anati tayala laphulika ndipo la sipeya ndi lophwa. Kale tikanamva madzulo tomato atapsa kale ndi dzuwa. Tsikulo tinauza wogula kuti adikire, tinapeza wina womuthandiza, katundu anafika wabwino. Paja madzi akatayika saoleka. Ubwino wa kudziwa msanga ndi umenewo.

Tsopano tamverani bwino, chifukwa apa mpamene pagona nkhani yanga. Kadontho kaja kamasonyeza pamene pali foni. Sikasonyeza pamene pali matumba, ndipo sikadziwa kulemera kwake. Munthu atha kusiya foni m'galimoto ina. Atha kuima mphindi 10 n'kupungula pang'onopang'ono m'thumba lililonse, inu n'kumaganiza kuti akudya chipisi. Komanso kadontho katha kuima chifukwa batire latha, bandulo yatha, kapena galimoto ili m'khwawa lopanda netiweki. Inu a kuphiri mukudziwa mmene foni imavutira m'makhotamakhota potsika. Ndiye tisamathamangire kutcha munthu mbava chifukwa kadontho kazima, komanso tisamagone tulo chifukwa kakuyenda. Foni imathandiza pokhapokha ikayendera limodzi ndi sikelo, pepala ndi mgwirizano.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti ulendo uliwonse uziyenda motere.

Choyamba, tiziyeza katundu dalaivala ali pomwepo, osati kumuuza chabe. Ngati ndi matumba 60 a makilogalamu 50, ndiye kuti matani 3. Zilembedwe pa pepala pamodzi ndi nambala ya galimoto, dzina la woyendetsa weniweniyo ndi nthawi yonyamukira. Asaine iye, asaine wa komiti, pepalalo lijambulidwe.

Chachiwiri, pakhale kagulu kakang'ono ka pa WhatsApp ka ulendo umenewo: mlembi, msungichuma, dalaivala, mwini galimoto, ndiponso wogula ngati wavomera. Osati gulu la mamembala onse, ayi. Anthu 100 akamaimbira dalaivala mmodzi kuti "waimiranji?" tidzamugwetsera m'ngalande. Asanalize galimoto ayatse Live Location, foni aiike pa chaja, asaigwirenso mpaka ataima.

Chachitatu, akafika ajambule sikelo ya wogula ndi lisiti, atumize nthawi yomweyo. Malipiro tiziwagawa pawiri: ya mafuta ponyamuka, yotsalayo lisiti likafika, kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Uthenga wa ndalama uja nawonso ndi umboni, ndipo wa komiti sayendanso ndi mpukutu wa ndalama m'thumba.

Ndinenenso mbali ya dalaivala, chifukwa iye sali pano kuti adzilankhulire. Foniyo ndi yake, anagula ndi ndalama zake. Ngati tikufuna kuti atiyatsire, bandulo tigule ndife. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Timuuze zimenezi tikamakambirana mtengo, osati kumudzidzimutsa katundu atakwera kale. Ndipo akangotsitsa, azimitse. Kumene apite pambuyo pake si nkhani yathu. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zinthu zokhudza munthu payekha, ndipo malo amene munthu ali si chinthu choti tizingogawana mwachisawawa. Amene wapatsidwa udindo woyang'ana mapu asamajambule n'kumatumizira anzake.

Dalaivala wachilungamo zimenezi zimamuteteza. Akachedwa pamzere wa mafuta, mapu amuchitira umboni. Wogula akamudikiritsa maola anayi pageti, nthawi yofikira imaoneka, ndipo mlanduwo sukhala wake. Mvula ikaononga msewu, monga tinaonera namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, tonse tiona kuti wazungulira kutali ndipo tikambirana za mafuta mwaulemu.

Nanga amene ali ndi foni ya mabatani? Tisamutaye. Alipo madalaivala amene atinyamulira mokhulupirika kuyambira tili pansi pa mtengo, ndipo n'kulakwa kuwasiya chifukwa cha foni. Kopaletivi ikhoza kugula foni imodzi ya gulu ndi pawabanki, yomayenda ndi katundu m'manja mwa membala woperekeza kapena dalaivala amene, n'kumabwezedwa ulendo ukatha. Apo ayi, tigwirizane malo atatu oti aziimbira ataima.

Palinso phindu lina limene limabwera mochedwa. Mlembi akamalemba m'kaundula ulendo uliwonse, nthawi yonyamukira, yofikira, kulemera kuno ndi kulemera uko, pakutha pa chaka tidziwa galimoto imene imasunga nthawi ndi imene katundu amachepa nthawi zonse. Tidziwanso wogula amene sikelo yake imasiyana ndi yathu ulendo ndi ulendo, chifukwa si nthawi zonse vuto limakhala panjira. Ndipo tsiku limene tidzapite kubanki kukapempha ngongole ya galimoto yathuyathu, kapena kwa wogula wamkulu wofuna kudziwa ngati timakwaniritsa malonjezo, tidzanyamula kaundula ameneyo m'malo mongolankhula pakamwa.

Achinyamata muli kumbuyoko, ntchito iyi ndi yanu. Makolo anu akudziwa nthaka, inu mukudziwa foni. Khalani pansi ndi a mlembi ndi a msungichuma muwaonetse, modekha, osawaseka akadina polakwika. Nanenso ku koleji anatiphunzitsa za nthaka ndi mbewu. Za mapu a pa foni anandiphunzitsa ndi mphwanga.

A wapampando, pempho langa ndi lakuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu mamembala avomereze zinthu zitatu: pepala limodzi la mgwirizano ndi aliyense wotinyamulira, kandalama ka bandulo ndi foni ya gulu mu bajeti, ndi munthu mmodzi wosankhidwa woyang'anira maulendo. Tiyambe ndi nandolo wa chaka chino. Tikatha maulendo 10 tidzakhale pansi, madalaivala tiwaitanenso, tione chimene chayenda ndi chimene chavuta. Pa msonkhano umenewo ine ndidzakhalapo.

 Mulungu adalitse kopaletivi yathu.