MUDZI WATHU M'CHAKA CHA 2050



Sabata yatha tinakamba za kusintha kwa nyengo. Tinaona kuti utsi wa malasha ndi wa mafuta a galimoto ukakwera kumwamba uchita ngati bulangeti, nusunga kutentha pa dziko lapansi. Zotsatira zake mwaziona ndi maso anu. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. M'chaka chotsatira dzuwa linaocha chimanga, kotero kuti Boma linalengeza tsoka la chilala m'maboma 23 mwa maboma 28.

Itatha nkhani ija, mnyamata wina anatilembera kalata. Iye afunsa kuti ngati zinthu ziri chomwecho, munthu alimirenji, amangirenji nyumba, akwatirirenji? Funso limeneli si lachibwana ai, ndipo tidziwa kuti anzake ambiri ali nalo mumtima. Tsono lero tifuna kumuyankha.

Mmisiri asanaike njerwa yoyamba, ayamba waiona nyumba yonse m'mutu mwake. Chimodzimodzi ife: ngati sititha kuona mudzi wabwino m'maganizo mwathu, sitidzaumanga konse. Chifukwa chake tiyeni tiyende pamodzi, tikaone mudzi wathu monga ungadzakhalire m'chaka cha 2050.

Tafika m'mwezi wa Okutobala. Tisanamizane, kukutentha kopambana lero, ndipo mvula siidziwika tsiku lake. Koma taonani m'minda. Simuli mbee monga tizolowera kuona m'chilimwe, pakuti muli mitengo ya nsangu yobiriwira, ndi mbuzi zirikutola nyemba zake pansi. Mtengo umenewu anthu a ku Salima ndi ku Mangochi audziwa bwino. Uli ndi khalidwe lachilendo: mitengo inzake ikamaphuka pa mvula yoyamba, nsangu ndiye uyoyola masamba. Motero suphimba chimanga ndi mthunzi, ndipo masamba ake aolera pansi nasanduka manyowa. Pa nthawi ya dzuwa ubiriwiranso, nupatsa mthunzi anthu ndi ziweto. Mlimi amene ali ndi nsangu m'munda ali ndi feteleza wosagula, wobwera yekha chaka ndi chaka.

M'minda imeneyi mwini sadalira mbeu imodzi. Pakati pa chimanga chocha msanga abzala nandolo ndi khobwe, cha kumtunda kuli mapira, ndipo pambali pali chinangwa ndi mbatata. Chimanga chikakana, mapira ndi chinangwa zipulumutsa banja. Mizere yonse iri yopingasa chitunda, yotsekedwa pakati pake, kuti madzi a mvula aime ndi kulowa m'nthaka m'malo mothamangira kumtsinje ndi dothi lathu. Akuluakulu akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe anadza ndi chindapusa ndi ndende, ndipo anthu anadana nao. M'mudzi uno palibe msilikali wokakamiza. Anthu achita okha chifukwa aona phindu lake m'nkhokwe.

Tiloweko kunyumba. Nyumba zonse ziri pamtunda, kutali ndi gombe la mtsinje, ndipo m'mbali mwa mtsinjewo asiyamo nsungwi, mikuyu ndi bango. Madzi akayamba kukwera kumtunda, uthenga ufika pa lamya ya m'manja, mfumu niiza mbiri, ndipo munthu ali yense adziwa kothawira ndi nkhalamba imene ayenera kuinyamula. Amai aphika pa mbaula yadothi ya chitetezo, imene idya nkhuni zochepa, ndipo nkhunizo ndi nthambi zosadza m'munda ndi mapesi a nandolo. Mtsikana amene kale akadalawira kuphiri kukatola nkhuni ali m'kalasi. Kudimba, mpope woyendera dzuwa ukukoka madzi, ndipo muli tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi pakati pa chilimwe. Madzulo ana awerenga pa nyale ya dzuwa, akulu ali pabwalo, ng'oma irikulira.

Kapena wina ati, "Amenewo ndi maloto chabe." Koma taganizani bwino: pa zinthu zonse tachulazi, nchiti chimene sichipezeka kale m'dziko muno? Ngakhale mphamvu ya dzuwa si yachilendonso, pakuti ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2021.

Ndiponso alipo anthu amene anayenda kale njira imeneyi. Dziko la Niger, kumadzulo kwa Afirika kumpoto kwa Nigeria, liri m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, ndipo mvula yake ndi yochepa kuposa yathu. Pa chilala cha 1984 anthu kumeneko anali pa njala yoopsa, minda iri yopanda mitengo, mphepo irikukwirira mbeu ndi mchenga. Mlangizi wina wa ku Australia, dzina lake Tony Rinaudo, anazindikira kuti tizitsamba timene alimi anali kudula posenga minda tinali mphukira za zitsa zamoyo. Alimi a ku Maradi anayamba kusiya mphukira zochepa zamphamvu pa chitsa chiri chonse, nasadza zinazo. Popeza mizu inali kale pansi, mitengo inakula msanga, wopanda nazale, wopanda kuthirira. Mnzake ataona anatengera, ndipo patapita zaka 20 akatswiri anawerenga mitengo pafupifupi 200 miliyoni pa mahekitala 5 miliyoni. Yambiri mwa iyo inali nsangu yomweyi. Nchito yonseyi anaigwira alimi osauka, ndi mpeni ndi chikwanje.

Tsono kwa iwe mnyamata amene unatilembera, yankho lathu ndi ili. Utsi wa maiko olemera sungauletse ndi khasu lako, ndipo nkhani imeneyo atsogoleri ayenera kuilimbikira m'misonkhano ya maiko. Koma munda wako uli m'manja mwako. Chaka chino posenga, usatenthe zitsa. Yenda m'munda monse, usankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka pa chitsa, udule zotsalazo, ndipo uziteteze ku moto ndi mbuzi. Ukapeza kamtengo ka nsangu kodzimerera, ukaikire chizindikiro kuti khasu lisakadule. Usunge mbeu ya mapira ndi nandolo. Ukambe ndi amfumu kuti mudzi wonse upangane za moto wolusa ndi za ziweto, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nsangu uchedwa kukula, ndipo phindu lake lenileni lioneka patapita zaka zingapo. Koma mwana wobadwa chaka chino, pofika 2050 adzakhala ndi banja lakelake, ndipo adzalima pansi pa mitengo imene inu mwaisiya lero. Mmera mpoyamba.

Sabata yamawa, nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za kasungidwe ka madzi a mvula pakhomo.