Chipsera cha Mumtima mwa Munthu Wamkulu

Lero tikambirana za anthu amene adabadwa ndi chilema cha mtima, nachitidwa opaleshoni ali ana, ndipo tsopano ndi akuluakulu.

Mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi mtima wosaumbika bwino. Wina umakhala ndi bowo pakati pa zipinda zake, wina mitsempha yake ikuluikulu imalumikizika molakwika. Kale ambiri mwa ana odwalitsa sankakula. Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1944, pamene Alfred Blalock, Helen Taussig ndi Vivien Thomas a pachipatala cha Johns Hopkins ku America adapeza njira ya opaleshoni yothandiza ana amene magazi awo sankalandira mpweya wokwanira. Lero m'maiko olemera ana 9 mwa 10 alionse obadwa ndi chilemachi amakula mpaka kukhala akuluakulu.

Koma tamverani bwino apa. Opaleshoni imakonza mtima, koma siiusandutsa watsopano.

Mtima uli ndi woimba ng'oma wakewake. Ameneyu ndi kamnofu kakang'ono kokhala m'chipinda chapamwamba cha kumanja, kamene kamatumiza mphamvu yonga ya magetsi kuti zipinda zonse zinayi zigunde motsatana. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Tsono pamene padadutsa mpeni wa dokotala pamatsala chipsera, ndipo mphamvu ija siidutsa bwino pachipsera. Nthawi zina imachedwa, mtima nkumagunda pang'onopang'ono. Nthawi zina imangozungulira chipseracho, mtima nkumathamanga ngakhale munthu ali gone. Zipinda zimene zidatanuka pogwira ntchito yolemetsa zaka zambiri nazonso zimasokoneza kagundidwe.

Choopsa nchakuti vutoli lingathe kubuka patapita zaka 20 kapena 30, munthu ataiwala kale za chipatala. Mtima ukamagunda mosokonezeka magazi angathe kuundana m'kati mwake, ndipo kachibuma ka magaziwo kakafika ku ubongo munthu amafa ziwalo. Ena amamwalira mwadzidzidzi.

Zizindikiro zake ndi izi: mtima kuthamanga popanda chifukwa, kudumphadumpha, chizungulire, phuma, kutopa msanga ndiponso kukomoka. Wokomoka aliyense amene adachitidwapo opaleshoni ya mtima mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale atatsitsimuka nanena kuti ali bwino.

Chithandizo chilipo. Makina otchedwa ECG amalemba kagundidwe ka mtima papepala, ndipo sapweteka. Pali mankhwala oongola kagundidweko, ndi ena oletsa magazi kuundana. M'zipatala zazikulu madokotala amalowetsa kachingwe mumtsempha mpaka kumtima, naotcha pamalo posokonezapo. Kwa mtima wochedwa pali kachipangizo kotchedwa pacemaker, kamene dokotala Åke Senning adayamba kukaika m'thupi la munthu ku Sweden mu 1958.

Inu makolo, sungani makalata onse a kuchipatala, ndipo mwana akakula mumuuze dzina la nthenda yake ndi opaleshoni imene adachitidwa. Inu amene muli ndi chipsera pachifuwa, kayezetseni nthawi ndi nthawi ngakhale mukumva bwino. Amayi otere aonane ndi dokotala asanatenge pathupi, pakuti pathupi pamachulukitsa ntchito ya mtima. Kumbukirani kuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.